Nkhokwe Yolekezera M'chiuno

Nkhokwe imene Gerishon analonjeza apongozi ake, a Dailesi, inali isanathebe, ndipo uku kunali kukolola kwachiwiri. Analonjeza yekha, popanda womukakamiza, tsiku limene anadzalowa chikamwini kwa Dambe, m'mapiri a ku Neno, atakwatira mwana wawo Yunike. Ankhoswe a mbali zonse anamva. Anati chimanga chisanaume nkhokwe ikhala itaima. Chimangacho chinauma, chinadyedwa, china chinadzalidwa, nachonso chinauma. Nkhokwe inali pomwepo kuseri kwa nyumba, yolukidwa kulekeza m'chiuno, nsungwi zake zitaloza kumwamba ngati tsitsi losapesa.

Chaka chathacho a Dailesi anasunga chimanga m'nkhokwe yakale ya malemu amuna awo. Imeneyo inagwa ndi mvula ya mu Febuluwale. Tsopano chimanga chinali pamikukwe kumunda, chiswe chikuchilowa chapansi, anyani akuchitsikira kuchokera kuphiri.

"Ine sindinapemphe ng'ombe," ankatero a Dailesi kwa aliyense wodutsa. "Sindinapemphe nyumba ya malata. Nkhokwe. Nsungwi zili kumtsinjeko, zaulere."

Ndipo sinali nkhokwe yokha. Khola la mbuzi linali ndi mbali zitatu. Chitseko cha khitchini anachisema bwino, chosalala ngati cha kumishoni, koma chinangotsamira pakhoma osamangidwa. Dzenje la chimbudzi analikumba kufika m'mawondo, nkhuku n'kumasambamo fumbi. M'mawa uliwonse ankayamba ndi kusaka khasu. Kumutuma mchere kumsika, ankabwera ndi nkhani zambiri, mchere ayi. Khadi la chipani anali atataya kawiri m'chaka chomwecho cha 1973, ndipo ulendo wachiwiriwo anyamata ofunsa makhadi pakhomo pa msika anamukhazika padzuwa mpaka masana. Yunike anachita kumusokera khadi lachitatu m'kathumba ka m'kati mwa jekete.

Koma zonsezi a Dailesi ankangoona zotsalira zake. Gerishon akugwira ntchito anali asanamuonepo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo mawu onse amadzera mwa mwana wamkazi. Choncho Gerishon akatulukira kuseri, a Dailesi ankazungulira kumaso. M'zaka ziwiri zonsezo nkhongo yake ankaidziwa bwino, koma nkhope ankangoidziwa cham'mbali.

A Dailesi anaitanitsa ankhoswe kuti abwere Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi. Anabwera a Lameki, mlongo wawo wa a Dailesi, amene anali nkhoswe ya Yunike. Anabweranso a Ezekiele, amalume ake a Gerishon, panjinga kuchokera ku Midzemba, atakankha njingayo mtunda wonse. Anakhala pansi pa mtengo wa pichesi. A Dailesi anayala mphasa chapatali, atafulatira komwe kunakhala mkamwini.

"Ankhoswe, mawu anga ndi ochepa," anatero a Dailesi. "Mwana wanuyu mumutenge. Anyamule mphasa yake ndi khasu lake, ngati alipeze."

A Ezekiele anaomba m'manja pang'ono. "Pepani mayi. Kodi amamwa?"

"Samwa."

"Amamenya mkazi?"

"Angayerekeze."

"Nanga za akazi ena?"

"Akazi ena angakumbukire njira yake ameneyu?"

A Lameki anatsokomola kuti abise kuseka. A Ezekiele anati, "Ndiye mlandu wake ndi nkhokwe basi?"

"Mukuti basi? Kwanu ku Midzemba mumadya mphepo?"

A Ezekiele anapempha mwezi. A Dailesi anafunsa ngati chiswe nachonso adzachipempha mwezi, ndipo anati masiku atatu. A Ezekiele anatsikira pa masabata awiri. A Dailesi anakwera pa masiku anayi, n'kunena kuti lachinayilo akungopereka chifukwa cha mtunda umene ankhoswe akankha njinga. Anakokana choncho mpaka a Lameki anadula.

"Loweruka likubwerali, dzuwa lili pamutu. Tibweranso tonse. Ikakhala kuti..."

"Ndavomera," anatero Gerishon.

"Wavomera chiyani? Sindinamalize."

"Pepani, amalume."

"Ikakhala kuti sinathe, ukwati watha. Wamva tsopano?"

"Yoluka mpaka pamwamba," anawonjezera a Dailesi, akulankhula ndi mtengo wa pichesi. "Denga lofolera, lili pamutu pake. Osati kudzandionetsa denga lili pansi."

A Lameki atacheuka kuti amve yankho anapeza Gerishon kulibe pamene anakhala. Panali timaudzu tothyolathyola tambirimbiri, ndi kadzenje komwe chidendene chake chinkagunda nthawi yonse ya nkhani. Mwiniwake anali atanjuta panjinga ya amalume ake, akukunga tcheni chomwe anaona kuti chalendewera.

"Anali chonchi kuyambira ali mwana," anatero a Ezekiele motsitsa mawu. "Kusukulu aphunzitsi anachita kutopa n'kumukwapula. Koma manja ali nawo, mayi."

"Za manjazo ndamva. Ndikufuna nkhokwe."

Yunike anali woyembekezera, wotopa ndithu, ndipo Lolemba m'mawa ankapita kuchidikiro kuchipatala cha mishoni. Womuperekeza anali mayi ake aang'ono, a Clara, chifukwa a Dailesi anakana kusiya chimanga kumunda chopanda mwini. Akumanga katundu, Yunike anati:

"Amayi, munthu uja si waulesi."

"Nanga ndi chiyani?"

"Dzina lake sindilidziwa. Koma ine ndikakhala pafupi, n'kumachita zanga, amagwira mpaka dzuwa kulowa. Pofika m'chiuno paja analuka tsiku limodzi, ine ndili pompo ndikusenda nyemba. Ndikangochoka kupita kumadzi, ndimadzamupeza ali pa china. Ndipo musamamutumizire mawu atatu nthawi imodzi. Mukatero amagwira chomalizacho, zinazo zimagwera panjira."

"Ndiye kuti unakwatiwa ndi mwana wofuna mlezi."

"Mukhale naye pafupi masiku anowa, amayi. Osalankhula. Kungokhala."

"Ine? Ndikhale ndi mkamwini? Mimbayi yakukwera kumutu, eti?"

"Akapita, mwanayu bambo ake adzakhala ndani?"

"Iwe unakula bambo ako ali kumanda. Nyamula mtolowo, dzuwa likukwera."

Lolemba a Dailesi anaswera kumunda kuingitsa anyani. Pobwera anapeza nkhokwe yakwera mizere itatu. Anayeza ndi zala, osafika ndi chikhatho chomwe.

Lachiwiri sanapite kumunda. Anafuna kumugwira mkamwiniyo akugona masana kuti Loweruka adzakhale ndi umboni wa maso awo. Analowa m'khitchini, n'kukhala pomwe dothi la khoma linagumuka, pamng'alu woyang'ana kuseri.

Gerishon anafika molawirira, nkhungu isanachoke. Anaima pankhokwe, anaigwira, anayankhula yekha kuti lero ndi lero. Anayamba kuluka, ndipo zala zake zinkathamanga moti a Dailesi anayandikitsa diso. Nsungwi inathyoka. Anafuna mpeni, mpeni panalibe. Anapita kukausaka kukhonde. Panjira anapunthwa pachingwe cha mbuzi, n'kuona kuti chatsala pang'ono kuduka. Anakhala pansi kuchipota. Chisanathe, mbuzi inalira, iye anakumbukira kuti sinamwe. Anatenga ndowa. Ndowa inali yodontha. Anaisiya pakati pa bwalo kukafuna phula lomatira, ndipo komwe anafunako anapezako khasu lija linasowa sabata yatha. Anasangalala nalo, anaona kuti mpini wagwedera, anayamba kukhoma. Dzuwa linafika pamutu munthu ali thukuta kamukamu, asanapumeko ndi kamodzi komwe, mpeni uli m'thumba la kabudula wake, chogwirira chikuonekera.

Masana zinali zomwezo. Dzuwa litapendeka anadzatulukira kuseri atanyamula mtolo wa luzi womwe palibe anamutuma, n'kuima dwii pamaso pa nkhokwe ngati waiona koyamba. Anayang'ana dzuwa. Anayang'ana nkhokwe. Mtolo uja unagwa. Anadzimenya pamphumi ndi nkhonya katatu, mwamphamvu, osalira, kenaka anakhala pansi atagwira mutu.

A Dailesi anachoka pamng'alu paja msana utauma. Umboni womwe ankafuna sanaupeze. Munthu waulesi ankamudziwa, amasaka mthunzi. Uyu mthunzi sanaupondeko.

Ndipo kudzimenya pamphumi kuja anali atakuonapo. Mwana wawo woyamba, Jimu, ankatero. Nayenso ankayamba zisanu tsiku limodzi. Nayenso kumutuma moto kwa aneba ankabwera ndi ziwala. Iwo anamukwapula mpaka dzanja kutopa. Atakula anakalowa chikamwini ku Zalewa, ndipo patatha chaka anamubweza ndi mphasa yake, akuti waulesi. Sanakhalitse pamudzi. Analembetsa ulendo wa kumigodi ku Joni, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitadutsa popanda kalata. Anthu ankati anaiwala kwawo. A Dailesi tsopano anaganiza kuti mwina makalata anayamba ambiri.

Sanauze munthu. Anakayang'ana mbuzi, anamwetsa okha.

Lachitatu m'mawa Gerishon pofika kuseri anapeza mphasa itayalidwa mapazi khumi kuchokera pankhokwe. Pamphasapo panali apongozi ake, atamufulatira, miyendo atatambasula, akuswa mtedza m'lichero. Pambali pawo panali thadzi lamawanga, lomangidwa mwendo ndi kachingwe pachikhomo. Gerishon anabwerera m'mbuyo kuti athawe.

"Iwe thadzi," anatero a Dailesi, osacheuka. "Uwauze bambo a kunyumbako kuti asathawe. Ine ndikuswa mtedza wanga. Pano pali dzuwa."

Gerishon anaima. Panalibe ndi dzuwa lomwe, kunali nkhungu.

"Uwauzenso kuti mpeni uli m'thumba lakumanja. Autulutse, auike pachitsapo."

Anapisa m'thumba, n'kuupezadi.

"Tsopano aluke. Palibenso china. Mbuzi ndamwetsa, ndowa ndabisa."

Gerishon anagwada, anaomba m'manja kulunjika kwa nkhuku ija. "Uwauze amayi kuti ndamva."

Ntchito inayamba. A Dailesi ankaimva ndi makutu okha: nsungwi ikukhwekhwereza, kenaka kugogoda kothina mzere, kenaka kukhwekhwerezanso. Phokosolo likangosiya, ankawerenga mumtima mpaka kasanu.

"Thadzi, kwatani uko?"

"Uwauze kuti ndaona mphanda iyi yapendama, ndiye ndimati ndikadule ina."

"Mphandayo yapendama zaka ziwiri, sinagwe. Aluke."

Chakumasana kunabwera nsadzu, kambalame kolondolera anthu ku njuchi, n'kutera pamtengo wa pichesi, kulira mosalekeza. Kugogoda kunasiya. A Dailesi anamva mapazi, limodzi, lachiwiri.

"Thadzi, uchi sausungiramo chimanga."

Mapazi anabwerera.

Nthawi yomweyo panadutsa a Jessie, a khomo loyandikana nalo, ali ndi mtsuko pamutu. Anaima, anayang'ana mphasa, anayang'ana mkamwini, anatula mtsuko kuti aone bwino.

"Anzathu, mwayamba kulondera akamwini? Kapena mwana atachoka mwati malo asazizire?"

"Jessie, madziwo akutentha pamutu? Pita nawo."

"Ine ndikungofunsa. Chibadwire sindinaone mpongozi ndi mkamwini bwalo limodzi."

"Ukuona ndikumuyang'ana? Ndikucheza ndi nkhuku yanga."

"Munthuyu anamuchita kwawo, ndinanena kale. Mukanapita naye kwa asing'anga."

"Asing'angawo adzaluka nkhokwe?"

"Anthu anena, a Dailesi."

"Anene. Pobwera kudzanena atengeko nsungwi. Iwe zako n'zosavuta, unakolola dengu limodzi, ukusunga kunsi kwa bedi."

A Jessie anasenza mtsuko. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva, ndipo amayi awiri anadzadutsa kuseriko ngati akusaka nkhuku. Pofika madzulo nkhokwe inali m'mapewa.

Lachinayi a Dailesi anaona mbali ina ya munthuyo. Anayamba kuluka kusanache bwino, ndipo ulendo uno sanafune womubweza. Phokoso silinasiye. Anamuikira mbatata yootcha pachitsa, anauza thadzi kawiri kuti chakudya chafika, koma sanamve. Mbatata inazizira, agalu anaizungulira. Mvula yowaza inadutsa, a Dailesi anafunda chiguduli, iye osadziwa kuti kwagwa kanthu. Pena ankaimba, pena ankakangana ndi nsungwi. Kamodzi kokha anafunsa nkhuku ngati angadetse nsungwi zina ndi matope akudambo kuti pamwamba pakhale maluwa.

"Chimanga sichiona maluwa," anayankha a Dailesi.

Dzuwa likulowa phokoso linasiya. Anawerenga mpaka kasanu, mpaka kakhumi.

"Thadzi," anamveka mawu ngati ochokera m'mbiya. "Uwauze amayi kuti kuluka kwatha. Koma ndilibe potulukira."

Anali atalukira m'kati, ataima pachipika, ndipo khoma linali litamupitirira mutu. Makwerero anawasiya kukhola la mbuzi. A Dailesi anakawatenga, n'kubwera nawo chafutambuyo kuti asamuone, akupunthwa m'makoko a mtedza. Anawaponyera m'kati modutsitsa paphewa. M'katimo munamveka kugunda ndi kubuula pang'ono.

"Uwauze kuti zikomo."

Lachisanu linatsala denga. Mapaso analipo, udzu unalipo wa chaka chatha, luzi linali lija anabwera nalo popanda womutuma. Pofika masana mapaso anali atamangidwa pansi pabwalo, ndipo udzu unali utafika pakati. A Dailesi mtedza unali utawathera, tsopano ankangosankha woola m'lichero, womwe anali atasankha kale.

A Jessie anatulukira kunjira ya kumunsi. Anali atapita kumishoni dzulo lake ndi mwana wodwala maso, pobwera n'kupeza matola, ndipo anayamba kulankhula asanafike.

"A Dailesi, mwakhala agogo. Yunike wachira dzulo madzulo. Wamkazi. Onse ali bwino, koma a Clara akuti..."

Mtolo wa udzu unagwa. Gerishon anali atalumpha kale mapaso, wopanda jekete, wopanda nsapato, akulunjika njira ya kumunsi. Kuchipatalako unali ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Kupita lero kunali kubwera Lamulungu.

"Thadzi, uwauze," anayamba a Dailesi, koma nkhuku sikanatha kufikitsa mawu pamtunda umenewo. Anayang'ana denga lofolera theka. Anaika lichero pansi, anaimirira, anatembenuka.

"Apongozi."

Sanakuwe kwambiri. Koma Gerishon anali asanamvepo mawu amenewo akubwera kwa iye mwachindunji, ndipo anaima ngati wagwidwa ndi khwekhwe. A Dailesi anayenda, anamudutsa, n'kukaima kumaso kwake pakati pa njira. Iye anagwada msangamsanga, nkhope atalozetsa kutchire.

"Dzukani. Ndiyang'aneni kuno."

"Amayi, sizichitika."

"Zachitika kale. Jessie waona, ndiye kuti Neno yense waona. Dzukani."

Anadzuka. A Dailesi anaona kuti anali ndi chipsera pansidze, ndi mano a mpata, ndi chotupa chobiriwira pamphumi pomwe panagwera makwerero. Anali wamng'ono kuposa m'mene ankamuganizira.

"Mukupita kuti?"

"Kukaona mwana."

"Mwana wa dzulo akuonetsani ndani? Mukangoima pawindo. Tsono mverani, ndinena kamodzi. Mukapita lero, mawa dzuwa lili pamutu ankhoswe apeza denga lili pansi, inu kulibe. Ine mawu anga sindibweza, ndinanena pamaso pa anthu. Mwanayo mudzamuona pawindo kamodzi, kenaka muzidzamumvera kwa anthu muli ku Midzemba. Mukamaliza denga, muzidzamuona tsiku lililonse mpaka adzakutopetseni. Sankhani."

Gerishon anayang'ana njira. Miyendo yake inkapondaponda yokha.

"Ndikudziwa, amayi. Mutu ukudziwa. Koma thupi lonse lapita kale."

"Libwezeni. Udzu ndizikupatsirani ine, mtolo umodzi umodzi. Musayang'ane denga lonse. Muziyang'ana mtolo womwe uli m'manja."

A Jessie anali chiimire, kukamwa kuli yasa.

"Jessie, a Clara akuti chiyani?"

"Akuti mutumize ufa."

"Upita mawa. Tsopano kaya ugwire luzi, kaya uzipita."

A Jessie anapita. Awiriwo anabwerera kuseri, mkamwini patsogolo, apongozi pambuyo ngati akukusa mbuzi. A Dailesi ankatola mtolo, kuugwedeza, kumupatsa m'manja. Iye ankayala, kumanga, kutambasulanso manja. Kawirikawiri ankayamba nkhani, za dzina la mwana, za kampando kakang'ono komwe adzamuseme, za m'mene adzakonzere chitseko chija mwana asanayambe kukwawa. A Dailesi ankangoti, "Mtolo," iye n'kulandira. Anamanga nsonga dzuwa likugwera kuseri kwa phiri. Thadzi analimasula, linathamangira kukhola likutsimphina.

Loweruka a Lameki ndi a Ezekiele anafika dzuwa lisanafike pamutu. A Lameki anazungulira nkhokwe kawiri. Anaikankha ndi phewa, sinagwedere. Anayesa kupisa chala pakati pa mizere, chala chinakana. Kenaka anayang'ana denga lomwe linali pabwalo.

"Achemwali, paja munati osadzakuonetsani denga lili pansi."

"Ndinatero."

"Nanga ili lili pati?"

"Denga amakweza munthu mmodzi? Inu awiri mwabwera ndi manja kapena mwawasiya kunyumba? Dzuwa likadali uko. Gwirani."

A Ezekiele anavula jekete msangamsanga. A Lameki anang'ung'udza kuti nkhoswe sagwira ntchito ya mkamwini, koma anagwira. Anakweza atatu ndi mphanda, Gerishon ali pamakwerero, a Dailesi akuwauza kuti kumanzere, kumanzerebe, basi pomwepo. Denga linakhala. Gerishon analimangirira mbali zinayi, ndipo ya chinayiyo anachita kumukumbutsa.

A Lameki anapukuta thukuta, anakhala pachitsa. "Pali nkhani inanso. Anthu akunena kuti sabata yonseyi mwakhala bwalo limodzi ndi mkamwini. Akuti dzulo munachita kuyang'anana, kupatsirana udzu m'manja. Ine kutchalitchi ndiziyenda bwanji?"

"Ndi miyendo, achimwene."

"Manyazi munawasiya kuti?"

"Manyazi ndinali nawo zaka ziwiri, nkhokwe ili m'chiuno. Ndawaika pansi masiku atatu, onani. Munthuyu ukamusiya yekha amabalalika. Ukakhala naye amaposa amuna atatu. Yunike akabwera azikhala naye iyeyo. Akatanganidwa ndi mwana ndikhalanso ine, khola la mbuzi lija likadali ndi mbali zitatu. Wofuna kunena anene."

A Ezekiele anacheuka kuti amuuze Gerishon athokoze. Pamakwerero panalibe munthu. Anamuona ali kale kumunsi, kupitirira munda wa a Jessie, akuthamanga. Kathumba ka ufa komwe a Dailesi anamukonzera kanali pakhonde. Jekete lake linali lopachika pamphanda ya nkhokwe, khadi lili m'kati.

A Dailesi anatola zonse ziwiri, n'kuziika pakaliyala wa njinga ya a Ezekiele.

"Mupezeni asanafike pamsika, angamukhazikenso padzuwa. Kutsetsereka kokhakokha, simupalasa."

A Ezekiele anamanga katunduyo, anakwera, phazi limodzi lili pansi. "Ndiye kwathu ndikanene kuti chiyani, mayi? Mwana wathu tikumutenga kapena akukhala?"

A Dailesi anali atasenza kale dengu lopita nalo kumunda kukatuta chimanga.

"Mukanene kuti nkhokwe ndalandira."